Momwe mungasankhire ndi kukonzekeretsa mfuti ya .22 yowombera chandamale pa ndalama zochepa

Ngati cholinga chanu ndi kungoboola mapepala kapena kugwetsa zitini kumapeto kwa sabata, musavutike ndi mfuti zikuluzikulu. Ya chipolopolo chaching'ono cha .22 LR (Long Rifle) ikukwanirani. Zipolopolo zake ndi zotchipa, mfuti sikumenyani paphewa, phokoso nalo ndi lochepa. Chipolopolo chimenechi chinatulutsidwa ndi kampani ya Stevens ku America mu 1887, ndipo mpaka lero ndi chomwe amawombera pa mpikisano wa Olympics wa mamita 50. Mankhwala oyatsira onga ali m'kati mwa mkombero wa kumbuyo kwa khoko lake, osati pakati, n'chifukwa chake amati rimfire. Pali zinanso zamtundu womwewu, monga .22 WMR ya Winchester ya 1959 ndi .17 HMR ya Hornady ya 2002, koma zipolopolo zake n'zodula kangapo. Pepala silifuna mphamvu zonsezo.

Za chilolezo sinditayapo nthawi. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo ndikuyesa kuti mapepala anu ali m'malo, kabati yachitsulo yokhoma nayo muli nayo. Munthu akakuuzani kuti ali ndi mfuti yotchipa koma mapepala "abwera pambuyo", kapena mukaona nambala yake itapalidwa, tembenukani muzipita.

Yambani ndi kugawa ndalama musanaone mfuti iliyonse. Ambiri amathera zonse pa mfutiyo, kenako n'kumanga sikopu (galasi loonera patali polozetsa mfuti) yachabechabe pamwamba pake. Siyaniko gawo la sikopu, mphete zake, zotseka m'makutu, magalasi oteteza maso ndi zipolopolo zambiri ndithu.

Mfuti zake zili mitundu iwiri ikuluikulu. Pali zodzilowetsera zokha chipolopolo, monga Ruger 10/22 yomwe yakhala pamsika kuyambira 1964, magazini yake yolowa zipolopolo 10, komanso Marlin Model 60 ya 1960 yomwe zipolopolo zimalowa mu kapaipi kapansi pa mpope. Ndiye pali zokoka ndi dzanja, za bolt, monga Savage Mark II ndi CZ 457 ya ku Czech Republic, yomwe ndi yokwererako mtengo. Ine ndimakonda za bolt. Sizisankha zipolopolo, sizikakamira chisawawa, n'zosavuta kutsuka, ndipo simumaliza bokosi lonse m'mphindi zisanu chifukwa cha chisangalalo.

Yogwiritsidwapo kale ntchito si yoipa, pakuti mpope wa .22 sukutha msanga. Mukatsimikiza kuti mulibe chipolopolo, unikani ndi tochi m'mphepete mwa chibowo cholowera chipolopolo. Mukaona kachipsera kophwanyika, mwini wake ankakoka thiriga mfuti ili yopanda kanthu, kachitsulo kokhoma chipolopolo n'kumamenya chitsulo chinzake. Yotereyo imavuta kutulutsa makoko. Onaninso kukamwa kwa mpope ngati sikunakumudzike, ndi m'kati ngati mulibe dzimbiri.

Tsopano pa sikopu, ndipo apa ndichedwapo chifukwa mpamene ine ndinaonera zakuda. Sikopu yosasintha ya 4x (yokulitsa kanayi) kapena ya 3-9x (yokulitsa katatu mpaka kasanu ndi kanayi) ndi yokwanira, bola ikhale yopangira rimfire kapena yotheka kusintha parallax, kutanthauza kusuntha kwa mtanda wolozera wa m'kati mwa sikopu pa chandamale diso likasuntha. Zambiri zopangira mfuti zazikulu anazitchera pa mayadi 100, pamene za rimfire kawirikawiri amazitchera pa mayadi 50. Kuti muyese, ikani mfuti pa thumba la mchenga, muyang'ane chandamale, mugwedeze mutu pang'ono osakhudza mfuti. Mtanda wa m'kati ukamayendayenda pa chandamale, dziwani kuti zipolopolo zanu zizimwazikanso chimodzimodzi. Pa intaneti pali masikopu abodza olembedwa mayina a makampani otchuka. Mtengo ukatsika modabwitsa, ndi omwewo.

Koma chenicheni ndi mphete zogwirira sikopuyo. Pamwamba pa mfuti zambiri za .22 pali timizere tiwiri tosemedwa m'chitsulo pomwe mphete zimaluma. Timizereti si tofanana. Mfuti za ku Europe, monga CZ 457, zambiri zili ndi ta mamilimita 11, pamene zambiri za ku America, monga Marlin 60, zili ndi ta 3/8 ya inchi. Ndi maso simungasiyanitse, komatu kukula kwake ndi kupendekeka kwa m'mbali mwake n'zosiyana. Wogulitsa wina anandigulitsa mphete zolembedwa kuti zimakwana ponseponse. Zinalowadi, zinamangika, ndikagwedeza ndi dzanja sizinkasuntha. Ndikatchera mfuti lero, zipolopolo zisanu zinkagwera pamodzi bwinobwino. Ndikaiika m'chikwama n'kubweranso tsiku lina, zonse zapita zala ziwiri kumanzere. Ndinasintha zipolopolo, ndinakayikira sikopu, mpaka kuyamba kuiona mfutiyo ngati yopindika. Nditamasula mphete m'pamene ndinaona kuti dzino lake linkangogwira ndi kansonga kokha, ndipo linali litakanda chitsulo cha mfuti n'kusiya mzere wonyezimira.

Choncho chitani izi. Werengani m'buku la mfuti yanu kuti timizere take ndi ta muyeso wanji, mugule mphete za muyeso womwewo. Zilipo zabwino zokhala ndi kachitsulo kam'mbali kotembenuza, mbali ina ya 11, mbali ina ya 3/8, koma onetsetsani kuti mwatembenuzira koyenera. Onaninso kunenepa kwa sikopu: ina ndi ya inchi imodzi, ina ya mamilimita 30, ndipo mphete zake sizisinthana. Mukamanga, yang'anitsitsani chapafupi ngati dzino lalowa lonse mu kamzere, osati kungokhala pamwamba. Ikani sikopu osalimbitsa, kwezani mfuti paphewa maso muli chitsinzinire, kenako tsegulani. Ngati simukuona bwalo lonse lowala, sunthani sikopu, osati khosi lanu. Ongolani mtanda, muzimanga tizitsulo mosinthanasinthana, uku pang'ono uku pang'ono, kuti mpata utsale wofanana mbali zonse. Musamange ngati mukumanga tayala la galimoto, mungaphwanye sikopu. Opanga ambiri amalemba kuti mphamvu yomangira tizitsulo tapamwamba ikhale mainchi-paundi 15 mpaka 18. Pomaliza tengani pensulo, mulembe kamzere pa sikopu m'mphepete mwa mphete, kena pa mfuti m'mphepete mwa phazi la mphete. Zinthu zikadzasokonekera, timizere timeneto tidzakuuzani nthawi yomweyo ngati chinachake chasuntha.

Zipolopolo musagule katoni yonse poyamba. Gulani timabokosi ta 50 ta mitundu itatu kapena inayi, chifukwa mfuti iliyonse ili ndi zomwe imawomba nazo molondola kuposa zina. Pa chandamale yambani ndi za standard velocity (za liwiro wamba) zolemera 40 grain, zomwe zimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 325 pa sekondi, kucheperako pa liwiro la mawu lomwe ndi pafupifupi 343. Zimenezi kawirikawiri zimagwera pamodzi kuposa za high velocity (zothamanga kwambiri). Zotchipa za m'mabokosi aakulu n'zabwino pa zitini, koma yembekezerani kuti zina zikana kuphulika. Chikakana, mfuti ikhale italoza kuchandamale masekondi 30 musanatsegule.

Potchera, pitani pamalo ovomerezeka okhala ndi khoma la dothi kumbuyo kwa chandamale. Kachipolopolo aka kangathe kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka, ndipo kamanjanja pa mwala kapena pamadzi. Yambani pa mamita 25 ndi pepala lalikulu. Ngati ndi ya bolt, chotsani bolt, musuzumire m'mpope mpaka muone chandamale, mutembenuze mtanda ufike pomwepo. Ombani zisanu, muyeze kuchokera pakati pa gululo. Pa sikopu yolembedwa 1/4 MOA (muyeso wa kasunthidwe ka mtanda), kulira kumodzi kwa kagudumu kotchera sikopu kumasuntha pogwera chipolopolo ndi mamilimita pafupifupi 1.8 pa mamita 25, ndiye kuti masentimita awiri akufuna kulira 11. Pa mamita 50 kulira kumodzi ndi mamilimita 3.6. Malizirani pa 50, tsiku lopanda mphepo. Mukapita pa 100, chipolopolo chizigwa pansi ndi masentimita oposa 15.

Kutsuka musakokomeze. Pukutani bolt ndi polowera chipolopolo, pakani mafuta pang'ono kunja, m'mpope muzipitamo mwa apo ndi apo kuchokera kumbuyo ngati mfuti yanu ikulola. Mukatsuka kapena mukasintha mtundu wa zipolopolo, zoyamba zingapo zimabalalika mpaka phula lopakidwa pa zipolopolozo litayala m'mpope, ndiye musathamangire kukhudza sikopu. Sambani m'manja chifukwa cha mtovu, ndipo zipolopolo muzisunga padera pouma, mokhoma.