Mwana wa matewe ndi agogo othyoka chiuno: zimene banja lingachite pa nkhani ya mafupa

Kusikelo timayeza kulemera kwa mwana, msinkhu wake ndi kukula kwa mkono, koma miyendo yake nthawi zambiri sitiiyang'ana. Kumudzinso agogo akaterereka pakhomo n'kuthyoka chiuno, timangoti ndi ukalamba. Zinthu ziwirizi zimaoneka zotalikirana, chikhalirecho gwero lake ndi limodzi, ndilo mmene fupa limamangidwira ndi mmene limaphwasukira. Malangizo awa ndikulembera makolo, agogo olera zidzukulu ndi anzanga ogwira ntchito zaumoyo m'midzi.

Fupa ndi chinthu chamoyo. Tsiku ndi tsiku maselo ena amagumula fupa lakale, ena n'kumamanga latsopano pogwiritsa ntchito kashiamu ndi fosifeti, ndipo vitamini D ndi amene amathandiza matumbo kuyamwa mchere wa mitundu iwiriyi m'chakudya. Munthu akamakula, omanga amaposa ogumula. Akafika zaka pafupifupi 30 nkhokwe yake ya mafupa imakhala yadzaza pamene ingafike, ndipo kuchokera apo amayamba kutapa pang'onopang'ono. Mayi akasiya kusamba kutapako kumafulumira, chifukwa homoni (madzi a m'thupi otumiza uthenga ku ziwalo) ya estrogen imene inkateteza mafupa ake imachepa. Amene anadzaza nkhokwe yake theka lokha ali mtsikana ndiye amayamba kuthyoka msanga. Matenda a mafupa ofooka choterewa madokotala amawatcha osteoporosis. Sapweteka, saonetsa chizindikiro, mpaka tsiku limene munthu wagwa pang'ono chabe n'kuthyoka pamfundo ya dzanja, m'chiuno kapena msana. Agogo amene akufupika msinkhu ndi kuwerama chaka ndi chaka, kawirikawiri ndi mafupa a msana amene akuphwanyika mwakachetechete.

Tiyambe ndi chakudya, popeza ndi chimene chili m'manja mwathu. Munthu wamkulu amafunika kashiamu pafupifupi mamiligalamu 1,000 patsiku. Ofufuza a bungwe la ku Britain la Medical Research Council amene agwira ntchito zaka zambiri ku Keneba m'dziko la Gambia anapeza kuti amayi a kumidzi kumeneko amadya mamiligalamu 300 mpaka 400 okha. Kadyedwe kathu sikasiyana kwambiri ndi kawo: nsima yambiri, mkaka wochepa. Chimanga chili ndi kashiamu wochepa kwambiri, choncho mwana wokhuta phala loyera ndi nsima ya ndiwo zamsuzi amagona wokhuta koma mafupa ake ali ndi njala.

Mwayi wathu ndi nsomba zing'onozing'ono. Usipa, matemba ndi bonya zimadyedwa ndi minga yomwe, ndipo kashiamu ali mumingamo. Amayi ambiri amachotsa mitu ndi minga poopa kuti mwana atsamwa, n'kutaya chenicheni chimene tikufuna. Kazingani nsombazo pang'ono kuti ziume gwa, sinjani mu mtondo, sefani, sungani ufawo m'botolo louma lotseka bwino. Mwana akakwana miyezi 6 muzithira supuni yaing'ono m'phala lake, ndipo akamakula muziwonjezera. Ufa wa mawere uli ndi kashiamu wochuluka kuposa wa chimanga, motero kusakaniza mawere m'phala ndi nzeru yabwino. Bonongwe, mpiru, nkhwani, chisoso ndi masamba a chamwamba zimawonjezera gawo lake, soya ndi nyemba chimodzimodzi. Kumene kuli ng'ombe kapena mbuzi za mkaka, kapu imodzi ya mkaka kapena chambiko imapereka mamiligalamu pafupifupi 300. Ndimadandaula ndikaona banja likugulitsa mkaka wonse m'mawa, ana osalawako ngakhale pang'ono.

Wina anganene kuti, kuno dzuwa lilipo lokwanira, matewe achokera kuti? Funso limeneli analifufuza madokotala ku Jos m'dziko la Nigeria, motsogozedwa ndi Tom Thacher. Mabuku akale ankaphunzitsa kuti mafupa a ana amafewa chifukwa chosowa vitamini D, amene khungu limapanga likaombedwa ndi dzuwa. Mu 1999 iwo anaonetsa kuti ana a ku Jos ankachira bwino akapatsidwa kashiamu kusiyana ndi akapatsidwa vitamini D yekha. Patapita zaka anayesanso ufa wa nsomba zosinja ndi minga yomwe, ndipo unathandiza. N'chifukwa chake nkhani ya usipa ndaikokera chonchi. Komabe dzuwa lisanyozedwe: khanda lokhala m'nyumba kapena lokutidwa thupi lonse tsiku ndi tsiku likhoza kusowa vitamini D ngakhale m'dziko lotentha.

Tsopano mmene mungaonere mwana. Ana ambiri akamayamba kuyenda amakhala ndi miyendo yokhota pang'ono, ndipo imawongoka yokha pofika zaka 2. Zimenezo si matenda. Chodetsa nkhawa ndi pamene kukhotako kukuwonjezereka mwana atapitirira zaka 2, pamene mwendo umodzi wakhota kuposa unzake, pamene mfundo za m'manja ndi akakolo zatupa koma zosapweteka, kapena mwana akuyenda modzandira, akutopa msanga ndiponso ndi wamfupi poyerekeza ndi anzake. Mwana wotere apite kuchipatala cha boma akaonedwe ndi a za mafupa. Musamange miyendo yake ndi timitengo, musamuteme mphini.

Pali gulu lina la ana limene chakudya chokha sichingawachiritse, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Mwa ana pafupifupi 20,000 aliwonse, mmodzi amabadwa ndi matenda akumtundu otchedwa XLH. Impso zake zimataya fosifeti mumkodzo m'malo moibweza m'magazi, ndiye fupa limasowa chomangira ngakhale mwanayo adye usipa tsiku lililonse. Mu 1995 ofufuza anapeza jini (kachidutswa ka malangizo a m'maselo kamene timatengera kwa makolo) imene imalakwika pa matendawa, yotchedwa PHEX. M'chaka cha 2000 kunapezeka homoni ya FGF23, imene imapangidwa m'mafupa n'kumauza impso kuti zitaye fosifeti. Odwala XLH amakhala nayo yochuluka mopitirira muyeso.

Matendawa ali ndi njira yake yoyendera m'banja, ndipo mlangizi aliyense aidziwe. Bambo wodwala amapatsira ana ake onse aakazi, koma sapatsira mwana wamwamuna ngakhale mmodzi. Mayi wodwala akhoza kupatsira mwana aliyense, wamwamuna kapena wamkazi, ndipo pa mimba iliyonse mwayi wake ndi theka. Choncho mukaona mwana wa matewe, yang'anani makolo. Kodi mayi kapena bambo ndi wamfupi kwambiri, wa miyendo yokhota? Kodi m'banjamo anthu amatupa nkhama ndi kutuluka mafinya m'mano osabowoka? Zikakhala choncho, kaneneni kuchipatala momveka: "Vutoli lili kumtundu kwathu." Mawu amenewo akhoza kuchititsa dokotala kuyeza fosifeti m'magazi m'malo mongopereka vitamini D wamba, amene pa XLH sathandiza. Chithandizo chimene chakhalapo kwa zaka zambiri ndi fosifeti wakumwa kangapo patsiku pamodzi ndi vitamini D wapadera monga calcitriol kapena alfacalcidol, ndipo amafuna kuyezedwa magazi pafupipafupi. Mu 2018 mayiko a ku Ulaya ndi America anavomereza jakisoni wa burosumab amene amatsekereza FGF23, koma mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Miyendo imene yakhota kale ikhoza kuwongoledwa ndi opaleshoni, ndipo chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chimathandiza ana pa mavuto a mafupa.

Ndikupempha chinthu chimodzi: banja lotere lisalozedwe chala. Si ufiti, si kulakwa kwa mayi pa nthawi ya pakati.

Ngakhale osteoporosis ya akuluakulu imatsata mtundu. Kafukufuku wa mapasa akuonetsa kuti kuposa theka la kusiyana kwa kulimba kwa mafupa pakati pa anthu kumachokera kwa makolo. Si jini imodzi ayi. Mu 2019 ofufuza ogwiritsa ntchito UK Biobank, nkhokwe ya zoyeza zaumoyo za anthu ambiri a ku Britain, anapeza malo opitirira 500 m'majini okhudza kulimba kwa fupa, ngakhale kuti anthu ambiri oyezedwawo anali azungu, kotero sitingangotenga zonse n'kuzivala ife. Ku South Africa kuli mabanja ochepa a azungu otchedwa Afrikaner amene mafupa awo amakula mokhuthala mopitirira, ndipo jini yawo itadziwika mu 2001 inatsegula njira yopangira mankhwala a romosozumab, ovomerezedwa mu 2019 kwa amayi a mafupa ofooka kwambiri. Ifeyo sitingayeze majini pachipatala cha kumudzi, ndipo makina a DXA oyeza kulimba kwa mafupa ndi osowa. Koma funso lakuti "Kodi mayi kapena bambo anu anathyokapo chiuno?" ndi laulere, ndipo lili m'gulu la mafunso a FRAX, njira yoyerekezera chiopsezo imene inakonzedwa ku Sheffield mu 2008. Ngati yankho ndi inde, munthuyo asamale kuposa anzake.

Kusamalako ndi kotani? Fodya ndi mowa wambiri, makamaka kachasu, zimafooketsa mafupa. Kuyenda, kulima ndi kuvina zimawalimbitsa, ndiye agogo musawakhazike pamphasa tsiku lonse poganiza kuti mukuwalemekeza. Mankhwala ena nawonso amakhudza mafupa. Prednisolone womwedwa kwa miyezi yambiri ndi woopsa kwambiri, ndipo anthu ena amamugula okha pofuna kuletsa kuphwanya kwa thupi. Jakisoni wolera wa Depo amachepetsako kulimba kwa mafupa, ngakhale kuti kwa ambiri kumabwerera akasiya. Tenofovir, amene ali m'ma ARV amene ambiri akumwa, amachepetsa pang'ono, ndipo kwa anthu ochepa amachititsa impso kutaya fosifeti. Apa ndimveke bwino: musasiye ma ARV. Kachilombo kosaletsedwa kamawononga mafupa ndi thupi lonse koposa. Koma ngati mukumva kuwawa kwa mafupa kosatha, miyendo kufooka mpaka kuvutika kudzuka pampando, kaneneni kuchipatala kuti akuyezeni impso.

Pakhomo, salazani pokwerera khonde, chotsani miyala ndi zingwe panjira ya kuchimbudzi, ndipo agogo akhale ndi tochi usiku ndi ndodo yolimba. Maso awo akayezedwe, chifukwa ng'ala imagwetsa okalamba ambiri. Akagwa n'kulephera kuponda, mwendo n'kuoneka wafupika kapena phazi litatembenukira kunja, musawasisite ndipo musadikire mawa. Agonekeni pa chinthu cholimba, mangani miyendo iwiriyo pamodzi mosathina, pezani galimoto. Kugona nthawi yaitali ndi chiuno chothyoka kumabweretsa zilonda za pamsana ndi chibayo, ndipo zimenezi ndi zimene zimatenga moyo. Akachira, funsani achipatala za mankhwala olimbitsa mafupa monga alendronate, chifukwa amene wathyoka kamodzi ali pachiopsezo chachikulu chothyokanso.