Mmene mungapezere pokhala maproteni oyambitsa ma microtubule mu Paramecium

Anzanga a biology, choyamba chotsani m'mutu chithunzi cha centrosome chija tinaloweza kusekondale, malo aja omwe m'maselo athu mumayambira ma microtubule, timachubu tochirikiza selo. Paramecium ndi Tetrahymena (tizilombo ta m'madzi ta selo limodzi) alibe centrosome, ndiye mukamasakasaka kadontho kamodzi pafupi ndi nucleus mungotopa chabe. Yang'anani kukhungu la selo, kunsi kwa ticheya tija timatchedwa cilia.

Tizilomboto sitivuta kupeza. Tungani madzi obiriwira pa Goma Lakes ku UNZA (University of Zambia, ku Lusaka) kapena pachithaphwi chilichonse mvula ikagwa, ponyamoni udzu wouma pang'ono, botolo musatseke, dikirani sabata imodzi. Dontho limodzi pa slide, ikaniponso tiulusi ta thonje chifukwa tizilomboto timathamanga zedi, ndipo cover slip musakanikize, ine tsiku loyamba ndinaphwanya tonse nkumadabwa kuti bwanji sitikuyenda.

Manje apa ndi pomwe pali nkhani. Kacheya kalikonse kamamera pa basal body, kamene ndi kachubu ka magulu 9 a ma microtubule atatuatatu, ndipo ma basal body amenewa andandalikana m'mizere ngati mizere ya chimanga kuchokera kumutu mpaka kumbuyo, mu Paramecium alipo masauzande, ena athithikana kukamwa komwe chakudya chimalowera. Gamma-tubulin, proteni yoyambitsa ma microtubule imene inapezeka mu 1989 mu nkhungu ya Aspergillus, imakhala pa ma basal body omwewo, ikasowa atsopano sapangika. Proteni ina yotchedwa centrin nayonso ili pomwepo, komanso mu Paramecium imapanga ukonde kunsi kwa khungu. Proteni ya SAS-6 ili kutsinde kwenikweni kwa basal body pomwe pamaoneka ngati wilo la ngolo.

Ndi microscope wamba ya mukalasi maproteni enieniwo simungawaone, osadzinamiza. Chomwe mungachite ndi kusakaniza dontho lija ndi utoto wakuda wa nigrosin nkuliumitsa, mizere ya pakhungu imaoneka bwinobwino, ndiye mwadziwa kale malo ake. Kuti proteni iwale pamafunika labu yokhala ndi microscope ya fluorescence, yoonetsa utoto wowala: mumalimbitsa maselo ndi mankhwala a formaldehyde, kuboola khungu ndi mankhwala onga sopo a Triton X-100, kenako antibody (proteni yomamatira pa proteni mukufunayo nkuiwalitsa ndi utoto) ya gamma-tubulin kapena centrin, pomaliza utoto wa DAPI kuti mitundu iwiri ya ma nucleus a tizilomboti ioneke, wamkulu ndi wamng'ono.

Sakani selo lomwe layamba kuning'a pakati kuti ligawike. Mu Tetrahymena gamma-tubulin imaonekanso mkati mwa ma nucleus nthawi imeneyi, poti khungu la nucleus silisweka ngati m'maselo athu, spindle, ulusi wa ma microtubule wokoka ma chromosome, imamangidwa mkati mwa nucleus wamng'ono uja. Mukalipeza jambulani msanga, kuwalako kumazilala mukaliunika nthawi yayitali, komanso malaiti a kuno mukuwadziwa.