Chiwongolero chikayamba kugwedera: mmene mungakonzere nokha pakhomo

Galimoto ikamayenda ngati yaledzera pamsewu wowongoka, mukakhotetsa chiwongolero pang'ono matayala osamva, ndipo mukamenya dzenje kutsogoloku kumamveka gudu gudu, amakaniko amati ili ndi play. Pa galimoto zing'onozing'ono zomwe zadzaza m'misewu yathu, monga Vitz, Passo, Sienta, Probox ndi Corolla, vutoli nthawi zambiri limakhala pa tie rod end kapena pa rack end, zitsulo ziwiri zolumikiza tayala ndi rack (ndodo yomwe chiwongolero chimakankha kuti matayala akhote). Tie rod end ili cha ku tayala, rack end ili cha mkati, ndipo zonsezi mutha kusintha nokha Loweruka m'mawa. Koma musagule kanthu musanapeze pomwe pakugwederapo. Anthu ambiri amawononga ndalama kugula rack yonse pomwe chatha ndi kachitsulo kamodzi kakumapeto.

Pezani kaye pomwe pali vuto

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, matayala alunjike kutsogolo, injini ikulira. Gwedezani chiwongolero uku ndi uku ndi zala ziwiri, mnzanu akuyang'ana tayala. Mabuku a Toyota zambiri amalola play yosapitirira mamilimita 30 mukayeza m'mphepete mwa chiwongolero. Chikamayenda kuposa pamenepo tayala lili duu, chilipo chatha.

Zimitsani injini, mangani handbrake, ikani mwala kumbuyo kwa tayala lakumbuyo, kenako kwezani kutsogolo. Musadalire jeke basi, ndipo njerwa zowotcha si zoyikira galimoto chifukwa zimaphwanyika osachenjeza. Ngati mulibe ma stand, pezani chipika chachikulu cha mtengo wolimba. Tayala mukalichotsa, lilowetseni pansi pa galimoto cha m'mbalimu.

Musanalichotse, ligwireni dzanja lina kutsogolo, lina kumbuyo, n'kuligwedeza mwachangu. Likamalira kwete kwete, ndiye kuti ndi tie rod end kapena rack end. Mukaligwira pamwamba ndi pansi n'kumagwederabe, ganizirani za wheel bearing kapena ball joint, imeneyo ndi nkhani ina. Kuti musiyanitse ziwiri zoyambazo, mnzanu azigwedeza tayala inu mutagwira tie rod end ndi dzanja. Mumva ikudumpha m'manja mwanu ngati yatha. Ikakhala bwino, finyani buti yamphira ija yokhwinyatakhwinyata mpaka mumve mutu wa rack end mkati mwake. Kugogoda kukamachokera mmenemo, mwapeza. Buti yong'ambika imakhala itakuuzani kale: fumbi ndi madzi a dzinja zikalowa, girizi amasanduka matope ndipo chitsulo chimadyeka msanga.

Mbali zonse zikakhala zolimba, suzumirani pansi pa chiwongolero, cha ku mapedulo. Pali joini yolumikiza ndodo ya chiwongolero ndi rack, ndipo bawuti yake nthawi zina imangokhwefuka. Kumanga kumeneko n'kwaulere.

Kogula

Tengani nambala ya chassis, komanso chitsulo chakalecho ngati mwachotsa kale. Galimoto zochokera ku Japan zimasiyana ngakhale dzina lili limodzi, Vitz ya 2004 si Vitz ya 2008. Ku Lilongwe anthu amathamangira ku Malangalanga kapena ku Biwi, ku Blantyre ku Ndirande ndi ku Limbe, ndipo kulikonse kumeneku mupeza zabwino ndi zachinyengo zili pa shelefu imodzi. Zodziwika bwino ndi za 555, za ku Japan, ndi za CTR, za ku Korea, koma chifukwa chodziwika chomwecho zabodza zake zilipo zambiri. Wogulitsa akakufunsani kuti "mukufuna ya original kapena inayo, bwana?" ndipo mabokosi ake akufanana, tulutsani chitsulocho. Mutu wa tie rod end yabwino umakhala wothina, sungasunthe ndi chala chimodzi. Ukamapendama wokha muli m'sitolo momwemo, isiyeni. Za mitengo ndiye funsani tsiku lomwe mukukagulalo. Kuchokera pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo womwe munamva mwezi watha sukhalanso womwewo. Zakale zophwasula m'galimoto zangozi ine sindigula pa chiwongolero, ngakhale zitchipe bwanji. Ndipo gulani ziwiri, mbali inayo nayonso yayenda misewu yomweyo.

Kuchotsa yakale

Musanamasule kanthu, yezani kaye monga ndafotokozera m'gawo lotsatira. Thirani Q20 kapena WD-40 pa manati onse, mudikire pang'ono. Yambani ndi loko nati, ija ili pa ndodo kumbuyo kwa tie rod end. Imasuleni pang'ono chabe tie rod end ikadali yomangika ku knuckle (chitsulo chomwe tayala limamangikapo), chifukwa mukaichotsa kaye mudzasowa chogwirira. Kenako wongolani sipiliti pini yomwe imatsekera nati yapamutu wa tie rod end, izuleni ndi pulayala, masulani nati yapamutu (nthawi zambiri sipanala 17 kapena 19) koma muisiye pa mazinga omalizira.

Mutu umenewu umalowa mothina m'bowo lake, sutuluka ndi manja. Ngati mulibe puller, chida chozulira mutuwo, menyani ndi hamala yolemera m'mbali mwa knuckle, pomwe mutuwo wadutsa. Kumenya kolimba kangapo, umadumpha wokha. Osamenya pamwamba pa mazinga, mungawafwafwanize natiyo n'kukanika kutuluka.

Apa ndi pofunika kufatsa

Aliyense adzakuuzani kuti muwerenge maulendo omwe tie rod end yakale yazungulira potuluka, yatsopanoyo muilowetse maulendo omwewo. Malangizowa ndi abwino pokhapokha ngati zitsulo ziwirizo zili zofanana kutalika. Pa Corolla yanga sizinali choncho. Wogulitsa wina anandipatsa tie rod end yomwe analumbira kuti ndi yomweyo. Mazinga analowa bwino, mutu unakwana, maulendo ndinawerenga bwinobwino, koma thupi lake linali lalitali pang'ono kuposa lakale. Diso silingaone kusiyana kotere zitsulozo zikakhala patalipatali. Galimoto inkayenda, play itatha, koma chiwongolero chinakhota pang'ono, ndipo posakhalitsa tayala latsopano linali litadyeka mbali imodzi mpaka mawaya kuoneka. Mtengo wa tayalalo unaposa wa tie rod end zonse ziwiri.

Chifukwa chake n'chakuti tie rod ndi yomwe imalamula komwe tayala likuloza. Ikatalika kapena kufupika ndi mamilimita awiri kapena atatu okha, tayala limalozera mkati kapena kunja, ndiye m'malo mogubuduzika bwino limakhala likukwekwesa tala ulendo wonse.

Ndiye chitani motere. Musanamasule chilichonse, lembani chizindikiro cha penti kapena kulungani selotepi pa ndodo ya rack end, kufupi ndi buti. Yezani ndi tepi yoyezera kuchokera pa chizindikirocho kukafika pakatikati pa mutu wa tie rod end, ndipo lembani muyesowo papepala, osati m'mutu. Maulendo werenganibe, koma womaliza kulamula ndi tepi. Yakale ikatuluka, igonekeni pambali pa yatsopano, mitu ilingane, muone komwe zikuthera. Onaninso kupindika kwake, chifukwa pa galimoto zambiri yakumanja ndi yakumanzere n'zosiyana, zimalembedwa R ndi L. Zikasiyana kwambiri kutalika bwezani ku sitolo tsiku lomwelo, girizi asanadetse bokosi, apo ayi adzakuuzani kuti katundu wogwiritsidwa ntchito sabwezedwa. Zikasiyana pang'ono, zungulizani yatsopanoyo mpaka muyeso wa papepala uja ukwane ndendende.

Ngati mukusinthanso rack end, chizindikiro cha pandodo sichithandiza chifukwa ndodoyo ikuchoka. Pamenepo chotsani rack end ndi tie rod end zili zolumikizana, muyeze utali wake wonse, zatsopanozo muzilumikize pa utali womwewo.

Rack end

Dulani zomangira buti, ikokereni kunja. Mukapezamo mafuta ofiira a power steering, ma seal a rack atha, ndipo imeneyo si ntchito yapakhomo. Mukapeza mouma, wongolani washala wopindidwa womwe umatsekera rack end kuti isamasuke, gwirani rack ndi shifting sipanala kuti isapotokole, masulani rack end ndi sipanala yaikulu kapena bobojani. Yatsopano ilowe ndi washala watsopano, mupindenso. Pakani girizi, bwezerani buti, mangani ndi zomangira zake kapena ma cable tie. Malegeni ayi, amaduka ndi kutentha.

Kumanga

Lowetsani mutu mu knuckle, mangani nati molimba. Bowo la pini likapanda kulingana, onjezerani kumanga pang'ono, osabwezera m'mbuyo. Pini ikhale yatsopano, msomali si pini. Mangani loko nati, bwezerani tayala, tsitsani galimoto. Yendani pang'onopang'ono m'dera lanu lomwelo, mumve ngati kugogoda kwatha, kenako pitani ku alignment, kokalunjikitsa matayala ndi makina, sabata yomweyo. Tepi imangokufikitsani kumeneko tayala lisanawonongeke, siilowa m'malo mwa makina.

A Land Cruiser 70 ndi Hilux zakale za 4x4 zokhala ndi steering box m'malo mwa rack, inu muli ndi sikuluwu pamwamba pa bokosilo. Matayala atalunjika, masulani loko nati, zungulizani sikuluwuyo kumanja pang'ono kwambiri, osapitirira kota ya kuzungulira kumodzi, mangani, yesani. Chiwongolero chikasiya kubwerera chokha mukatuluka pa kona, mwathinitsa, bwezerani. Koma yambani mwaona drag link, pitman arm ndi ma tie rod end, zitsulo zolumikiza bokosilo ndi matayala, chifukwa play imakonda kukhala kumeneko. Pa galimoto za rack palinso nati yaikulu yomwe amakaniko ena amathinitsa kuti galimoto ikapase COF. Imeneyo isiyeni, kuthinitsako kumangobisa rack yomwe yatha ndipo chiwongolero chimayamba kukakamira.