Kusamala pulu ya pakhomo kuti madzi asachite girini

Anthu ambiri madzi akangoyamba kubiriwira amathamangira kukhuthulira klorini chidebe chonse, chonsecho vuto nthawi zambiri limakhala pH, muyeso wosonyeza kuchuluka kapena kuchepa kwa asidi m'madzi. Ndiye choyamba gulani test kit, kaja kothira timadontho kaja, muziyeza kawiri pa sabata. pH izikhala pakati pa 7.2 ndi 7.6, klorini pakati pa 1 ndi 3 ppm (mamiligalamu pa lita imodzi ya madzi). pH ikafika 8 klorini uja amafooka kwambiri, muthira muthira koma ndere zili pompo. Ikakwera tsitsani ndi pool acid, ikatsika kwezani ndi soda ash, mukatero ndiye mubwere ku klorini.

Klorini wa ufa ngati HTH muzithira madzulo dzuwa litalowa chifukwa dzuwa limamudya msanga, ndipo pampu ikhale ikuyenda. Pulu ya malita 50,000 imafuna magalamu pafupifupi 75 kuti klorini akwere ndi 1 ppm, nthawi yotentha ngati Okutobala kapena ana akasambira tsiku lonse muwonjezereko. Ma tabuleti a klorini oika mu floater (kachidebe koyandama pamadzi) ndi abwino ngati mumachokapo pakhomo, kungoti ali ndi stabiliser (mankhwala oteteza klorini ku dzuwa) yemwe amaunjikana m'madzi, akachuluka klorini sagwiranso bwino mpaka mutayeko madzi ena.

Apa ndiye ndikupempheni, klorini ndi asidi osaziphatikiza, ngakhale kapu yotungira ikhale yosiyana, mpweya wake umatsamwitsa zoopsa. Mankhwala ndi amene amapita m'madzi, osati madzi kuthira pa mankhwala, ndipo muzisunga pouma pokiya poti ana safikapo.

Ndalama zambiri zimathera ku magetsi. Pampu ya 0.75 kW ikayenda maola 8 ndi mayunitsi 6 patsiku, pamwezi 180, werengani nokha ndi mtengo wa yuniti kwanuko. Nyengo yozizira maola 4 kapena 5 akwana. Magetsi akazima nthawi yaitali sungunulani klorini mu ndowa, mwazani kuzungulira pulu yonse kenako kwechani makoma ndi burashi, madzi ongokhala sachedwa kuwonongeka makamaka mvula ikagwa.

Masamba a mango aja chotsani tsiku ndi tsiku, basiketi ya pampu musaiiwale. Backwash, kutsuka filita poyendetsa madzi chobwerera, muzipanga geji ya pulesha ya filita ikakwera, mchenga wake umasinthidwa pakatha zaka 3 mpaka 5. Amene mumadzadza ndi madzi a pamjigo samalani, ngati muli ayironi madzi amasanduka ofiirira mukangothira klorini, ndiye yesani kaye mu ndowa musanadzadze pulu yonse.