Nkhama zikamaoneka kwambiri poseka, dziwani kaye chifukwa chake musanalipire kalikonse

Mng'ono wanga amene ndimakhala naye ku Rosettenville zithunzi zake zonse amajambulitsa atatseka pakamwa, ukangomuseketsa dzanja lafika kale kukamwa, chifukwa akaseka nkhama za m'mwamba zimaoneka zambiri kuposa mano. Zimandiwawa chifukwa ndi mwana wansangala. Nde ndati ndilembeko zomwe tinaphunzira titayenda naye kwa madotolo a mano kuno ku Joni, mwina wina zimuthandiza.

Choyamba abale, kwa anthu ambiri si matenda ayi, ndi chibadwa basi. Nkhama kuoneka pang'ono nzabwinobwino, madotolo amayamba kunena kuti zaonjeza zikadutsa mamilimita 3 kapena 4. Komanso nkhama zakuda ndi mtundu wathu, asakunamizeni munthu kuti nzodwala.

Yambirani kunyumba konko. Wina akujambuleni vidiyo pafoni mukuseka zenizeni, osati pagalasi poti pagalasi munthu umadzigwira. Kenako muyang'ane mano awiri akutsogolo aja. Kwa munthu wamkulu amatalika mamilimita 10 kapena 11, nde ngati anu akuoneka afupiafupi ngati a mwana ndiye kuti mwina nthawi yomwe ankamera nkhama sizinabwerere m'mwamba, zinangokhala zitaphimba dzino. Kapenanso mano anatha pang'onopang'ono chifukwa chokukuta kutulo. Mano akakhala kuti ali bwinobwino koma mlomo ukuthawira m'mwamba kwambiri, nkhani ndi minofu yokoka mlomo kuti ili ndi mphamvu zambiri, kapena mlomowo ndi waufupi. Ena ndi fupa lenileni, nsagwada ya m'mwamba inakula motalika, ndipo amenewa nthawi zambiri olo angokhala phee milomo sikumana bwino.

Pali chifukwa china chomwe ambiri sitichidziwa ndipo apa mumvetsetse, makamaka inu achimwene ndi azimayi amene mukumwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Mapilisi ena a BP ngati amlodipine ndi nifedipine, komanso phenytoin wa khunyu, amatha kukulitsa nkhama mpaka kumakwera pamano. Ngati kale simunali choncho koma zayamba mutayamba mankhwala, chonde musawasiye panokha, BP siyoseweretsa. Tengani paketi yake mukamuonetse dotolo, iye ndi amene angaone ngati nkotheka kukusinthirani. Nkhama zotupa, zofiira, zotuluka magazi mukamatsuka, zimenezo nthawi zambiri ndi litsiro lomwe launjikana m'mbali mwa mano, ndipo amayi oyembekezera zimawachitikira kwambiri.

Nchifukwa chake mukafika kwa dotolo chinthu choyamba ndi kutsukitsa mano bwinobwino nkudikira kaye kuti zotupa ziphwe. Ena zimathera pompo. Zikapanda kusintha mpamene ayeze kutalika kwa mano, mlomo, ajambule ekiselo aone pomwe fupa lathera. Dotolo amene akukutchulirani mtengo asanayeze chilichonse, ine ndinganene kuti tulukani mukafunse kwina.

Tsono chithandizo chimatsata chomwe apeza. Ngati nkhama zaphimba mano amakubayani jakisoni wa dzanzi nkudulako zoonjezerazo, ndi kampeni kapena laser (makina odula ndi kuwala), dzina lake gingivectomy, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri pamakhala patapola. Fupa likakhala pafupi kwambiri amafunika kupalakonso fupa pang'ono, iyi amati crown lengthening, akapanda kutero nkhama zija zimameranso ndalama zanu nkupita pachabe. Funsani mafunso pamenepa, osachita manyazi.

Ngati ndi mlomo wothawira m'mwamba pali Botox, timajakisoni m'mbali mwa mphuno tofooketsa minofu ija. Imagwira ntchito koma ya kanthawi, pakatha miyezi 3 kapena 4 mphamvu imayamba kutha mubwererenso kukalipira, nde muwerengere ma Rand a chaka chonse osati tsiku limodzi. Oyembekezera ndi oyamwitsa adikire kaye. Ndipo chonde chonde, zobayitsa ku salon kapena m'ma flat mwa anthu otsatsa pa Facebook ayi, akalakwitsa malo mlomo umapendekeka kwa miyezi. Palinso opaleshoni yaing'ono yosokerera mlomo cham'kati kuti usamakwere kwambiri, kungoti kwa ena pakapita nthawi umabwerera pang'ono.

Mano akakhala kuti anatsika kwambiri ma braces (mawaya oongolera mano) amawakankhira m'mwamba, koma pamafunika kupirira, chaka kapena ziwiri. Za fupa lalitali zija ndi opaleshoni yaikulu ya nsagwada, yogonekedwa m'chipatala, yofunika kuiganizira mofatsa ndi abale.

Kopita kwake, onani kaye ngati dotoloyo analembetsa ku HPCSA, bungwe loyang'anira madotolo kuno ku South Africa, dzina mutha kulisaka pa webusaiti yawo. Medical aid kawirikawiri silipira zokongoletsa, nde afunseni akulembereni mtengo wonse papepala musanayambe. Thumba likakhala lopelewera yeserani ku Wits Oral Health Centre ku Parktown, pachipatala cha Charlotte Maxeke, mulawire ndithu. Ngati muli ndi shuga kapena mumasuta fodya muwauze poyambirira chifukwa bala limachedwa kupola.

Mng'ono wanga anamupeza kuti ndi nkhama zophimba mano, anamudula tsiku limodzi, masiku oyamba anali wa phala ndi yogati basi, mswachi wofewa komanso kuchukucha madzi a mchere ofunda monga anamuuzira. Dzanja lija limathamangirabe kukamwa nthawi zina poti linazolowera, ine ndimangolitsitsa.