Kutseka chiboo cha memori yogawana mu kernel ya Linux

Abale athu ambiri muno mu Harare akusamalira makompyuta akale: mu kafe ya intaneti ku Mbare, mu labu ya sukulu ku Mufakose, pa seva ya kabizinesi m'tauni. Linux anaikamo kalekale ndipo sanaikhudzenso. Makina akuyaka, mafayilo akutseguka, ndiye onse amati zili bwino. Komatu chiboo cha mu kernel, pulogalamu yomwe ndi mtima wa Linux yolamulira memori ndi zida zonse za kompyuta, sichilira ngati fani yakutha. Chimangokhala phee, kudikira amene akuchidziwa.

Tiyambe ndi mmene memori imagawidwira. Kernel imadula memori m'timasamba, pa makompyuta ambiri tsamba lililonse ndi 4 KB. Mapulogalamu khumi akafuna kuwerenga fayilo imodzi, kernel sipanga makope khumi. Onse amawerenga tsamba limodzimodzilo, monga anthu owerenga chidziwitso chimodzi chomatidwa pakhoma. Wina akafuna kulembapo, kernel imamupangira kope lakelake kuti alembe pamenepo, chapakhomacho chikhale chosakhudzidwa. Njira imeneyi amaitcha copy-on-write.

Mu Okutobala 2016 kunadziwika kuti njirayi inali ndi chilema, chomwe anachipatsa dzina loti Dirty COW ndi nambala ya m'kaundula wa ziboo, CVE-2016-5195. Anachitulukira ndi Phil Oester, ndipo chinali mu kernel kuyambira pa 2.6.22 ya mu 2007. Wachiwembu amatsegula fayilo yomwe saloledwa kulembamo, mwachitsanzo /etc/passwd yosunga mndandanda wa maakaunti, n'kuyendetsa ntchito ziwiri nthawi imodzi. Yoyamba imalimbikira kulemba kudzera pa /proc/self/mem, fayilo yoimira memori ya pulogalamuyo. Yachiwiri imalimbikira kuuza kernel, kudzera pa pempho lotchedwa madvise, kuti itaye kope lija. Ziwirizi zikathamangitsana kambirimbiri, imafika nthawi yoti kope latayidwa pamene cholembera chatsika kale, ndiye zolembazo zimagwera pa tsamba lenileni. Munthu wa akaunti wamba, ngakhale mwana wasukulu wokhala pa benchi yakumbuyo, amasanduka root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa makinawo. M'malogi simupezamo kanthu. Linus Torvalds, yemwe anayambitsa Linux, anafotokoza kuti anayesapo kukonza vutoli zaka 11 m'mbuyomo, koma chigambacho chinachotsedwa chifukwa chinkasokoneza makina akuluakulu a IBM otchedwa s390. Chigamba cha 2016 chinalowa mu makernel a 4.8.3, 4.7.9 ndi 4.4.26. Mu Malichi 2022 kunabweranso mbale wake, Dirty Pipe, CVE-2022-0847, wokhudza kernel kuyambira 5.8, ndipo anamutseka mu 5.16.11, 5.15.25 ndi 5.10.102.

Ntchito yanu iyambe ndi kudziwa kernel yomwe ikuyenda panopa. Lembani uname -r ndipo nambala yotulukayo muilembe m'kope. Apa ambiri amasochera, chifukwa amaiyerekeza ndi manambala tatchula aja. Ubuntu, Debian ndi Red Hat amatenga chigamba n'kuchisokera pa kernel yawo yakale, nambala yoyambirira osasintha. Pa Dirty COW, Ubuntu 16.04 inakonzedwa pa 4.4.0-45.66, Debian 8 pa 3.16.36-1+deb8u2 (pa Debian nambala imeneyi imaoneka ndi uname -v), CentOS 7 pa 3.10.0-327.36.3. Choncho 3.10 ingaoneke yachikale koma ili yokonzedwa, bola manambala akumapetowo akhale ofika pamenepo kapena kuposa. Pa makina a banja la Red Hat mutha kutsimikiza ndi rpm -q --changelog kernel, n'kufufuzamo nambala ya CVE.

Musanakhudze chilichonse, koperani mafayilo ofunika pa diski ina, pamodzi ndi foda ya /etc. Kenako onani malo otsala pa /boot, pomwe pamasungidwa makernel, ndi df -h /boot. Makina akale ambiri anapatsidwa /boot yaing'ono, ndipo makernel akale amaunjikana mmenemo mpaka kudzaza. Ikadzaza, fayilo ya initrd, yofunika poyatsa makina, imalembedwa theka, makina n'kukana kuyaka. Tikulangiza kuti pakhale malo osachepera 200 MB. Akachepa, chotsani zakale ndi apt autoremove --purge, koma kernel yomwe ikuyenda ndi ina imodzi yam'mbuyo muzisiye. Imeneyo ndi pothawira panu.

Nkhani ya magetsi mukuidziwa nokha. Chonde musayambe kuika kernel makina ali pa soketi chabe. Alumikizeni ku UPS kapena ku inveta yomwe batire lake ladzaza, ndipo ngati ndi laputopu, batire likhale lamoyo. Magetsi akathima dpkg, pulogalamu yoika maphukusi pa Ubuntu ndi Debian, ili pakati pa ntchito, musathamangire kufufuta makina. Akayaka lembani dpkg --configure -a, kenako apt -f install, ndipo kawirikawiri zimalongosoka.

Pa Ubuntu ndi Debian lembani apt update, kenako apt full-upgrade. Samalani ndi apt-get upgrade: lamulo limeneli siliika phukusi latsopano, ndiye limasiya kernel pambuyo n'kungonena kuti kept back, inu n'kumaganiza kuti mwamaliza. Pa Rocky Linux ndi AlmaLinux ndi dnf update kernel. Amene muli ndi makompyuta 20 kapena 30 mu labu, data ndi yodula, musakoke phukusi limodzimodzi ka 30. Ikani apt-cacher-ng pa kompyuta imodzi, enawo azitenga kwa iyo pa port 3142.

Tsopano pofunika kwambiri. Kernel yatsopano ikaikidwa imangokhala pa diski. Yomwe ili m'memori, yomwe ikulamulira makina, ikadali yakale ija ndi chiboo chake. Mpaka mutazimitsa ndi kuyatsanso, simunakonze kanthu. Osamalira maseva ambiri amazengereza apa poopa kusokoneza makasitomala, ena amanyadira kuti seva yawo yatha chaka osazima. Pakadafunda padajiwitsa, abale. Sankhani ola lomwe anthu ndi ochepa, auzeni pasadakhale, yatsaninso. Pa Ubuntu, mukaona fayilo ya /var/run/reboot-required dziwani kuti makina akudikira zimenezo, ndipo ku banja la Red Hat funsani ndi needs-restarting -r. Akayaka, lembaninso uname -r n'kuyerekeza ndi nambala ya m'kope ija. Ikakhala yomweyo, mwina GRUB, pulogalamu yosankha kernel poyatsa, ikusankhabe yakale. Pa Ubuntu ndi Debian, onani mzere wa GRUB_DEFAULT mu /etc/default/grub, muukonze, n'kulemba update-grub.

Zimachitika kuti kernel yatsopano yayaka koma Wi-Fi yasowa kapena VirtualBox ikukana. Chifukwa chake nthawi zambiri n'chakuti madalaivala omangidwa ndi DKMS, chida chomangira madalaivala a padera pa kernel iliyonse yatsopano, sanamangidwenso, poti phukusi la linux-headers logwirizana ndi kernel yatsopanoyo palibe. Onani ndi dkms status, ikani ma headers, mangani. Makina akakaniratu kuyaka, gwirani Shift kapena dinani Esc poyatsa, lowani pa Advanced options, sankhani kernel yakale ija munasunga. Mukhalepo pongokonza vutolo, osati kukhazikika.

Amene mumagwiritsa ntchito Docker, kumbukirani kuti makontena onse amadalira kernel ya makina omwe awanyamula. Kukonza mkati mwa kontena sikuthandiza. Chimodzimodzi amene munachita lendi VPS, gawo la seva ya ena, ya mtundu wa OpenVZ: kernel ndi ya eni seva, ndiye afunseni mwachindunji ngati anaika chigamba.

Pali zina zochepetsa ngozi pa memori yogawana, ngakhale sizilowa m'malo mwa chigamba. Lamulo la ipcs -m limaonetsa zigawo za memori zomwe mapulogalamu akugawana. Yang'anani pa perms: 666 ikutanthauza kuti aliyense angawerenge ndi kulembamo, pamene pulogalamu yosamala imaika 600 kapena 660. Musachotse ndi ipcrm chigawo chomwe nambala yake ya pa nattch si 0, chifukwa pali pulogalamu ikuchigwiritsa ntchito, mwina PostgreSQL yosunga maakaunti a bizinesi yanu. Foda ya /dev/shm nayo aliyense amaloledwa kulembamo, n'chifukwa chake achiwembu amakonda kubisamo zida zawo. Mu /etc/fstab ipatseni zoletsa izi: nodev,nosuid,noexec, kenako mount -o remount /dev/shm. Yesani mapulogalamu anu onse mukatero, poti alipo ena omwe noexec imawalepheretsa.

Ngati makina anakhala nthawi yaitali ali pa intaneti osakonzedwa, chigamba chimatseka khomo koma sichitulutsa amene analowa kale. Onani mu /etc/passwd ngati muli akaunti ina ya UID 0, nambala ya mphamvu zonse, kupatula root. Yendetsani debsums -c kapena rpm -Va kuti muone mafayilo a sisitimu omwe asinthidwa, muyang'anenso ma crontab (ntchito zoyenda zokha pa nthawi yoikika) ndi authorized_keys (makiyi ololedwa kulowera patali). Mukapeza chachilendo, musavutike ndi kupukuta apa ndi apo. Fufutani diski, ikani sisitimu yatsopano, sinthani mapasiwedi onse.

Ubuntu 16.04 inasiya kulandira zigamba za onse mu Epulo 2021, CentOS 7 pa 30 Juni 2024. Makina otere angakhale atatseka Dirty COW, koma ziboo zotulukira pambuyo pake palibe akuzisoka. Asamutsireni ku Ubuntu 24.04 kapena AlmaLinux 9, ndipo kompyuta yakale ya 32-bit muiikire Debian 12, yomwe imayendabe pa makina oterowo.