Kaundula wa mlonda asamagone pabenchi: zilolezo za mafayilo pa kompyuta ya mu ofesi

M'maofesi a makoparetivu, m'masukulu ndi m'mashopu osindikiza mapepala kuno ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke, kompyuta imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi anthu anayi kapena asanu, aliyense ndi akaunti yake komanso pasiwedi yake. Oyang'anira mtima wawo umakhala m'malo poganiza kuti kalaliki wolemba mayina a alimi, popeza amalowa ndi akaunti wamba, sangafike pa mabuku a ndalama. Chitetezo chimenechi chimakhala cha pakamwa chabe ngati mafayilo amene pulogalamu yotsimikizira olowa imadalira anasiyidwa poyera.

Pulogalamu imene imakufunsani dzina ndi pasiwedi ili ngati mlonda wa pachipata wokhala ndi kaundula wa anthu ololedwa kulowa. Mlondayo angakhale watcheru chotani, ngati kaundulayo amagona pabenchi pomwe wodutsa aliyense angawerenge kapena kulembamo dzina lake, palibe chimene akulonda. Pulogalamuyi imagwira ntchito ndi mphamvu zonse za makinawo, zimene pa Linux (pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta, mnzake wa Windows) amati root ndipo pa Windows amati SYSTEM. Choncho munthu wa akaunti wamba akangopeza mpata wosintha fayilo imene pulogalamuyi imawerenga kapena kuyendetsa, amakwera n'kukhala ndi mphamvu za woyang'anira asanadziwe n'komwe pasiwedi yake. Akatswiri amatcha zimenezi privilege escalation.

Ngakhale a Microsoft zinawagwera. Mu Julayi 2021 kunadziwika vuto la nambala CVE-2021-36934, limene anthu analitcha HiveNightmare. Kuyambira pa Windows 10 ya mtundu wa 1809, mafayilo a mu foda ya C:\Windows\System32\config, kuphatikizapo SAM imene imasunga mapasiwedi obisidwa a akaunti za pa kompyutayo, anali oti wogwiritsa ntchito aliyense angawerenge. Windows imatsekera fayiloyi pamene makina akuyenda, koma makope ake osungidwa ndi Volume Shadow Copy, gawo la Windows losunga makope akale a mafayilo, anali otseguka. N'chifukwa chake Microsoft inalangiza kuti anthu akonze zilolezo za mafayilowo polemba pa kompyuta lamulo lotchedwa icacls komanso afufute makope akalewo, pakuti update yokha sinkawachotsa. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri kwathu kuno, kumene makompyuta ambiri timagula atagwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ena amatha chaka osalandira update poopa kutha kwa bandulo. Kumbukiraninso kuti chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025.

Komabe vuto limene ndimakumana nalo kawirikawiri timalipanga tokha. Pa Linux chilolezo cha fayilo chimalembedwa ndi manambala atatu: yoyamba ya mwini fayilo, yachiwiri ya gulu lake, yachitatu ya wina aliyense. Kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kuyendetsa ndi 1, ndipo mukaphatikiza zonse mumapeza 7. Tsiku lina ndinaitanidwa ku ofesi ina kumene mnyamata anawaikira pulogalamu yosungira mayina a mamembala. Itakana kutseguka, iye analemba chmod 777, lamulo losinthira zilolezo, pa foda yonse, pulogalamu inayenda, apampando anamuyamikira ndi kumulipira. Nditatsegula fodayo ndi akaunti ya kalaliki, ndinapeza pasiwedi ya woyang'anira italembedwa mu kafayilo ka makonzedwe, yoonekera ngati mtengo wa tomato pamsika wa Kapata, ndipo kafayiloko ndikanatha kukasintha. Mnyamatayo sanachite dala, anangofuna kuti ntchito ithe, koma 777 imatanthauza kuti aliyense awerenge, alembe ndi kuyendetsa. Pa Windows mnzake wa 777 ndi kupereka Full Control kwa Everyone.

Wokukonzerani makina akabweranso, khalani naye pansi, alembe ls -l inu mukuona, lamulo limene limaonetsa zilolezo za mafayilo m'zilembo: r ndi 4, w ndi 2, x ndi 1. Pa Ubuntu, womwe ndi mtundu umodzi wa Linux, fayilo ya /etc/shadow, imene imasunga mapasiwedi obisidwa, iyenera kukhala 640, ya /etc/passwd, yosunga mayina a akaunti, ikhale 644, ndipo ya /etc/sudoers, yonena amene angagwiritse ntchito mphamvu za root, ikhale 440. Kiyi yachinsinsi ya SSH, njira yolowera mu kompyuta muli kutali, ikhale 600, ndipo mukaona SSH ikukana kiyi chifukwa ndi yotseguka kwambiri, dziwani kuti ikukuchenjezani zoona. Pulogalamu ikakana kutseguka, funsani kuti ikuyenda ndi akaunti iti, ndipo akaunti yokhayo ipatsidwe foda ya pulogalamuyo ndi chown, lamulo losinthira mwini wake. Mukapeza kuti fayilo ya mapasiwedi inali poyera, kutseka kokha sikukwanira, sinthani mapasiwedi onse tsiku lomwelo chifukwa wina angakhale atakopera kale.

Pali mpata wina umene ambiri amauiwala. Mafulashi ambiri amakhala a FAT32 kapena exFAT, ndipo mitundu imeneyi sisunga zilolezo, moti fayilo imene munaiteteza bwino pa kompyuta imakhala ya aliyense mukangoikopera pa fulashi. M'mafayilo amenewa mumakhala manambala a NRC ndi a foni a alimi, zinthu zimene lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti wozisunga aziteteza. Fulashi ya makope isakhale yomwe mumabwereka anzanu kuti akasindikizire makalata mutauni. Ikhale yakeyake, yotsekedwa ndi pasiwedi, ndipo izigona mu kabati yokiya pamodzi ndi buku la malisiti.